Phula la Mitengo pa Phazi Langa

Lolemba, 4 Okotobala 1965

Andigoneka lero m'chipatala muno mu Ndola, wodi ya amuna, bedi la pafupi ndi zenera. Mwana wanga Anastasia wandisiyira kope lake la masamu lomwe linatsala masamba, akuti ndizilembamo zonena madokotala, chifukwa amake sakhulupirira za pakamwa panga.

Ndine Ignatius Sakala, kwathu ku Katete, ndimakhala ku Chifubu konkuno ku Ndola. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndagwira ntchito ya mitengo ya m'misewu ku khonsolo: kubzala, kuthirira, kudulira. Jakaranda aliyense amene anthu amaponda maluwa ake popita ku siteshoni ndimamudziwa kuyambira ali m'chitini.

Chandibweretsa ndi ichi. Pa 22 Seputembala kapitawo anati tidulire nthambi zonse zam'munsi mumsewu waukulu, padutse zingwe za mbendera ndi magetsi a chikondwerero cha chaka chimodzi cha ufulu. Nkhwangwa inaterereka pa nthambi youma n'kunditema pamwamba pa phazi lamanzere, kuboola nsapato. Bala lake kutalika ngati chala chamkombaphala. Pafupi panali chitini cha phula lakuda lomwe timapaka pamene tadula nthambi, kuti madzi ndi chiswe zisalowe. Ndinapukuta magazi ndi udzu, n'kupaka phulalo, n'kumanga kansanza. Magazi analeka pomwepo, ndipo ndinadzitama mumtima. M'mawa uliwonse ndinkawonjezera lina, masiku khumi ndi awiri, mpaka dzulo nsapato inakana kulowa, mkazi wanga, amake Ana, n'kunena kuti m'nyumba mukununkha ngati mwafera khoswe.

Kutentha kwa thupi handiredi thu. Jakisoni wa penisilini maola asanu ndi limodzi alionse.

Lachiwiri, 5 Okotobala

Anamwino athu ndi Sisitala Mainess, Mubemba wamfupi wa manja ofulumira. Atamasula nsanza yanga anabwerera m'mbuyo.

"Batata, imwe ndimwe munthu olo ndimwe msewu? Nindani anakuthirani tala?"

"Ndekha, mayi."

"Awe mwandi!"

Anatha ola lathunthu akusungunula phulalo ndi mafuta ndi thonje. Litachoka, mafinya anatuluka odzaza kambale. Sindinakuwe, koma chitsulo cha bedi chili ndi mano anga.

Dokotala ndi Mmwenye wamtali wolankhula pang'onopang'ono. Sisitala ndiye amatanthauzira. Anafunsa chifukwa chimene ndinachitira zimenezi, ndipo ndinamufotokozera bwinobwino monga ndimafotokozera antchito atsopano, kuti bala losatsekedwa limalowa madzi. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Bambo, munthu si mtengo. Mwatsekera dothi m'kati n'kulikhomera chitseko." Walamula kuti balalo likhale lotsegula, azilitsuka kawiri patsiku.

Bedi la kumanja kuli aMhone, dzina loyamba Kingsford, kalaliki wa nyumba yosungira katundu ku Indasitiriyo, kwawo ku Nkhata Bay. Mgolo wa mafuta unawagudubuzikira n'kuthyola ntchafu, ndiye mwendo wawo uli m'mwamba pa zingwe ndi zitsulo. Ndi mkulu wa mpingo wa Chipresibateriya, koma pakamwa ndi lumo. Dokotala atangotembenuka anati, "Akulu anati safunsa anadya phula. Inu aSakala mwaonjeza, mwachita kudzola." Wodi yonse inaseka, ngakhale Abemba amene sanamve.

Lachitatu, 6 Okotobala

Mvula ikakuona litsiro siikata. Ayeza mkodzo ndi magazi, akuti ndili ndi shuga, ndipo mwina ndakhala nayo zaka. N'chifukwa chake ndinkamwa madzi ngati ng'ombe, ine n'kumati ndi dzuwa la ntchito. Akuti shugayo ndi imene ikuletsa bala kupola. Tsopano jakisoni wina m'mawa ndisanadye, ndipo tiyi wopanda kanthu.

Moyo wa muno: faifi koloko kutidzutsa ndi kagalasi koyezera kutentha. Sikisi koloko jakisoni. Seveni phala. Teni dokotala. Alendo amalowa folo koloko, belu n'kuwathamangitsa faifi. AMhone amaimba nyimbo imodzi ya Chitonga belu likalira, ine Mkatolika ndimatulutsa korona, ndipo aliyense amaganiza kuti mnzake ndi wosochera.

Lachisanu, 8 Okotobala

Amake Ana, Philomena, anabwera ndi tinsomba ta kapenta, chibwabwa (masamba a maungu) chotendera ndi botolo la munkoyo, chakumwa chija chotsekemera. Sisitala analanda botololo chifukwa cha shuga, ndipo amene anamwa ndi aMhone, akundiyang'ana m'maso.

"Atate ake Ana, mutuluka liti?"

"Sabata yamawa. Mbendera sizingakwere popanda ine."

Sanaseke. Anangoyang'ana phazi, lomwe latupa ngati dzungu.

Kunja kwa zenerali kuli mbawa yaikulu. Kale wina anaikhomera waya wa mpanda, ndipo tsopano wayayo amalowa m'thunthu mbali ino n'kutulukira mbali inayo. AMhone amati waya wadula mtengo. Ndawauza kuti ayi, mtengo ndiwo wameza waya. Anthu amaganiza kuti mtengo umakula ngati mwana, thupi lonse kukwera pamodzi. Sutero ayi. Umatalika kunsonga kokha, ndipo umanenepa pansi pa khungwa pokha, chaka ndi chaka kuvala malaya ena pamwamba pa akale. Mu 1948 tinakhomera timanambala ta malata pa mitengo ya ku siteshoni, molingana ndi maso anga. Lero tidakali molingana ndi maso anga, kungoti tambiri talowa m'kati. AMhone anati ndikunama, ndipo ndawalonjeza kukawaonetsa tonse tikayamba kuyenda.

Kutentha handiredi wani.

Lamulungu, 10 Okotobala

Kunabwera Nicodemus Chishimba, mnzanga wa pa ntchito kuyambira tsiku loyamba. Ndi Mubemba, choncho ndi mbuya wanga: mitundu yathu imaserewulana, iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani, ndipo amaloledwa kunditukwana ngakhale pamaliro. Analowa akufuula.

"Ali kuti uja wakudya mbewa? Mbuya, nimvela ati bakupeza na shuga. Unaiba kuti, pakuti kunyumba kwako kulibe?"

"Kwa anyani anzako."

Titaseka mokwanira ndinamupempha chinthu chimene chakhala chikundidya kuyambira Lachiwiri. Mawu a dokotala aja, akuti ndinatsekera dothi m'kati, sakundichoka. Ngati phula linachita zimenezi pa phazi langa, nanga pa mitengo limachita chiyani? Palibe tsiku limene ndinabwererapo kukasuzumira pansi pake. Timapaka, pamaoneka paudongo, bwana amadutsa pa galimoto n'kugwedeza mutu, basi.

Ndinakumbuka kuti mu 1959 tinadulira jakaranda mumsewu wotsata njanji, ndipo phula linatithera tili pakati. Mbali yakumadzulo tinapaka, mbali yakum'mawa inatsala yosapaka, ndipo tinachita mantha kuti kapitawo aona. Ndamuuza Nicodemus apite ndi mpeni ndi makwerero akabaye mabala akalewo mbali zonse ziwiri.

"Ufuna bantu banione nilasa mitengo na mpeni pa Sande? Bazakamba ati napenga."

"Anayamba kale kunena."

Wavomera kupita mkati mwa sabata.

Lachiwiri, 12 Okotobala

Zala ziwiri zazing'ono zakuphazi zada bii. Azichotsa masana ano, atabaya phazi kuti lichite dzanzi. Sindinamve kupweteka, ndinangomva kulira kwa chitsulo m'mbale.

Kufiira kwadutsa akakolo. Sisitala walemba mzere ndi bolopeni pamene kwalekezera, kuti mawa tione ngati kwayenda.

Sindikufuna kulemba zambiri.

Lachinayi, 14 Okotobala

Dzulo anandijambula fupa. Lero dokotala anabwera ndi chithunzicho, n'kukhala pa bedi panga, chinthu chimene sanachitepo. Ndilemba monga Sisitala anatanthauzira.

Fupa la phazi lagwidwa. Magazi safika bwino kumeneko chifukwa cha shuga, ndiye penisilini naye safika. Phazi silingapulumuke. Akadula tsopano adula pansi pa bondo, ndipo munthu wokhala ndi bondo lake amayenda bwino ndi mwendo wopanga, amakwera basi, amagwira ntchito. Koma kuti adule pansi pa bondo, pafunika patsale mnofu wabwino wokwana zala zisanu ndi chimodzi kuchokera pa bondopo. Kufiira kukadutsa pamenepo adula pantchafu. "Mukachedwa kuposa apo," anatero, "sipadzakhalanso chodula."

Anayeza ndi dzanja lake. Kuchokera pa bondo kufika pa mzere wa lero, zala khumi ndi zitatu.

Ndinakana kusaina pepala. Ndinamuuza kuti ndaona nthambi zambiri zooneka zakufa mu Okotobala, mvula itagwa n'kuphukira. Anati mvula imeneyo iye alibe. Sanakwiye, anangoti pepalalo likhala mu kabati ya Sisitala.

Wokwera mitengo wopanda phazi ndi chiyani? Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Ndikuopa, ndipo ndalemba kuti ndikuopa.

Loweruka, 16 Okotobala

Zala khumi ndi chimodzi. Kutentha handiredi thu.

Anastasia anawawerengera amake zimene ndinalemba Lachinayi. Lero Philomena anabwera yekha. Pansi pa mbale ya ndiwo anabisa kabotolo ka mizu yochokera kwa munthu wina wa ku Chifubu, akuti ndizipaka Sisitala akatuluka. Ndinamubwezera. Ndinati phazi ili ndalipaka kale zokwanira.

Sanalimbikire za botolo, koma za mpeni wa dokotala anaima nji.

"Amalume anga anawadula mwendo ku mgodi, miyezi iwiri sinathe tinawaika. Inu mukuti akuduleni? Mulungu anakupatsani iwiri. Tsiku lomaliza mudzadzuka bwanji, wina uli ku Ndola m'dzala la chipatala, inu muli ku Katete?"

"Amene anaupanga adziwa kumene auika."

"Musandiseke, atate ake Ana."

Anati iye ndi amayi a m'bungwe la Anna Woyera ayamba novena lero m'mawa, mapemphero a masiku asanu ndi anayi osadumphitsa, kupempha kuti phazi lipole. Itha Lamulungu pa 24, tsiku la ufulu lenilenilo. Anandigwira dzanja n'kuti ndilonjeze kuti sindisaina novenayo isanathe. Zaka makumi awiri ndi zinayi tili limodzi, mkazi ameneyu sanandipemphepo ngakhale nsalu. Ndinalonjeza.

Atapita, aMhone anatseka Baibulo lawo. Kenako anati, "Kupemphera n'kwabwino, aSakala. Koma ine ndine kalaliki. Chotsani chala chimodzi patsiku, muone pa 24 mutsala ndi zingati." Ndinawauza kuti Akatolika sitiwerengera Mulungu masamu.

Lamulungu, 17 Okotobala

Zala khumi.

Nicodemus wabwera osafuula. Anakhala pansi, n'kutulutsa m'thumba mpango womanga, n'kuumasula pa bulangeti langa. Munali zinthu zakuda zonyowa, zofumbutuka ngati manyowa a m'khola.

"Mbuya, iyi ni jakaranda yako ya kumadzulo. Pamwamba tala ili che bwino, yowala. Nalasa mpeni, yangena mpaka ku chigwiriro. Mukati muli manzi, nyerere, na fungo. Nayesa mitengo eiti, isanu ili so."

"Nanga yakum'mawa?"

"Yauma gwa. Mpeni ikana. Ina yavala kale, sungazibe na pamene tinadula."

Anandifotokozera zimene ndikanayenera kuziona ndekha zaka zonsezi. Pamene sitinapake, mtengo unauma pankhope, n'kuyamba kutulutsa milomo ya khungwa kuchokera m'mbali, chaka ndi chaka milomoyo kuyandikana mpaka kukumana. Pamene tinapaka, phula linang'ambika ndi dzuwa timing'alu tosaoneka, madzi a mvula n'kulowa, n'kusowa potulukira.

"Zaka twente-thu," anatero Nicodemus, "tifundika chiswe bulangeti."

Anafuna kuti ndiseke, koma sindinathe. Ndachita manyazi kuposa tsiku lija Sisitala anandifunsa ngati ndine msewu. Ndaphunzitsa anthu oposa makumi atatu kupaka phula, ndipo ena ndinawakalipira chifukwa chopaka mopyapyala. Mitengo ija yakhala ikudzipoletsa yokha pamene ndinaisiya, ndipo yadwala pamene ndinaithandiza. Ndamuuza akauze kapitawo. Akuti kapitawo sangamvere wodya anyani, ndidzanene ndekha ndikatuluka.

Lolemba, 18 Okotobala

Handiredi firii. Kunjenjemera. Zala zisanu ndi zinayi.

Phala labwerera. Philomena anandipukuta nkhope ndi nsalu yonyowa, akuti lero tsiku lachitatu.

Lachiwiri, 19 Okotobala

M'mawa mutu unapepuka pang'ono. Zala zisanu ndi zitatu.

AMhone anandifunsa, mwina pofuna kundichotsa maganizo, chifukwa chake mitengo ya kutsogolo kwa ntchito yawo ku Indasitiriyo inauma chaka chatha popanda woigwira. Ndikuidziwa mitengoyo. Inali mitondo itatu yam'tchire imene omanga anaisiya. Ndinawafunsa ngati sipanakumbidwe ngalande ya mapaipi pafupi. Anaganiza, n'kuti inde, koma kalekale, mwina 1961.

Ndi momwemo. Mtengo wa m'tauni umafa lero ndi bala la zaka zitatu zapitazo. Adula mizu mbali imodzi, athira konkire pamwamba, malole aimikapo mpaka dothi kulimba ngati njerwa, ndipo mtengo umangokhala wobiriwira, ukudya zimene unasunga. Podzafika pouma, amene anakumba ngalande anasamukira ku Kitwe, ndipo anthu amati ndi utsi kapena ufiti. Ya m'tchire ngati mitondo siipirira zimenezi. Imene imakhalitsa m'tauni ndi yopanda ulemu: keshya, mango, bulugamu, mkuyu umene umatumiza mizu pansi pa msewu kukaba madzi m'paipi ya munthu. Imeneyo ukaidula nthambi siidandaula, imatseka pamenepo n'kuphukira pena.

"Tsono mukadula, mumadula pati?" anafunsa aMhone.

Ndinawaonetsa pa mkono wanga. Pamene nthambi ikumana ndi thunthu pamakhala potupa, ife timati khosi. Umadula kunja kwa khosilo, osalikhudza, chifukwa milomo yotseka bala imachokera pamenepo. Ukadula nalo limodzi, bala silitsekeka. Ndipo sudikira kuti kuola kufike pakhosi. Eni nyumba a ku mayadi ndakhala ndikukangana nawo zaka zonsezi. Amati tiyeni tidikire mvula, mwina iphukira. Ine ndimawauza kuti nthambi yapita kale, tikukambirana za mtengo.

Nditanena zimenezi ndinamva mawu anga ndekha. AMhone anatenga Baibulo lawo n'kuyamba kufufuza tsamba limene sankalifuna.

Lachitatu, 20 Okotobala

Sisitala asanabwere ndi bolopeni ndinadziyeza ndekha. Ndinakanikiza chikhadabo pa msongolo kuyambira pa bondo kutsika, monga timakandira khungwa pofuna kuona pamene pali pauwisi. Pabwino pamayera n'kubwerera msanga. Podwala pamatsala dzenje. Zala zisanu ndi ziwiri, ndipo chachisanu ndi chiwiricho n'chokayikitsa.

Teni koloko dokotala anayeza n'kupeza chimodzimodzi. Anati mawa m'mawa ali ndi malo ku fiyeta, kochitira opaleshoni. Lachisanu salonjeza bondo.

Ndinapempha kuti pepala lidikire folo koloko. Sindinafune kusaina mkazi wanga kulibe, ngati wakuba.

Philomena analowa ndi mbale zake, n'kuona Sisitala ataima ndi pepala, n'kuima pomwepo.

"Munalonjeza."

"Ndinalonjeza, amake Ana. Ndikuphwanya."

"Atsala masiku anayi okha. Mwalephera kumudikira Mulungu masiku anayi?"

"Chala chimodzi patsiku. Zatsala zisanu ndi ziwiri, dokotala afuna zisanu ndi chimodzi. Bwerani muyeze nokha."

"Sindiyeza kanthu ine. Phula munapaka nokha osandifunsa. Lero mwandifunsa, ndayankha, ndipo mukuchitabe zanu. Munandifunsiranji?"

Ananena zoona. Ndinasaina iye akuona. Dzina langa papepalapo likuoneka ngati la munthu wina. Anaika mbale pa kabati mwakachetechete, anamanga chitenje, n'kutuluka belu lisanalire. Sanalire, ndipo zimenezo zandipweteka kuposa akanalira.

Lachinayi, 21 Okotobala

Sikisi koloko. Osadya, osamwa. Andimeta mwendo n'kuupaka mankhwala achikasu. Bambo mfumu anadutsa ndi Ukaristia. AMhone apempha kuti nawonso andipempherere, ndipo ndavomera, pakuti lero sindikusankha.

Ndaliyang'ana phazi. Lakwera mitengo yambiri.

Lamulungu, 24 Okotobala

Ndili moyo. Bondo lilipo. Ndalipapasa kambirimbiri pansi pa nsalu.

Ululu waukulu. Jakisoni wogonetsa. Zala zimene kulibe zikuyabwa.

Kunja ng'oma ndi malipenga a ufulu kuyambira m'mawa. Anastasia anabwera ndi kambendera ka pepala. Amake sanabwere Lachisanu, dzulo, ngakhale lero. Mwanayo akuti amadzuka m'mamawa kupita ku tchalitchi, akabwera salankhula ndi munthu.

Lachiwiri, 26 Okotobala

Kutentha nainte-naini. Ndadya phala lonse. Shuga akuti yayamba kumvera.

Lero anamasula bandeji ine ndili maso. Sisitala anati ndiyang'ane kukhoma, koma ndinapempha kalilole. Munthu amene wadula nthambi zaka zonsezi sangalephere kuona ntchito ya mnzake.

Chitsa chake n'chachifupi kuposa mmene ndimaganizira. Dokotala anasiya chikopa chakumbuyo chachitali n'kuchipindira kutsogolo, n'kusoka. Pakona anasiya kabowo ndi kapaipi ka labala kuti madzi oipa azituluka. M'mbali mwake ndi mofiirira bwino, mofunda, mopanda fungo. Ndinayang'ana nthawi yaitali. Kenako ndinauza Sisitala kuti amuuze dokotala kuti wadula bwino. Dokotala anaseka koyamba chibwerere ine muno, n'kuti ndi ulemu waukulu kuumva kwa katswiri.

Anati bondo ndiliongole ndi kulipinda kakhumi m'mawa, kakhumi madzulo, apo ayi liuma chopindika ndipo mwendo wopanga sudzalowa. Ndayesa. Lakana, langonjenjemera.

Pa chinthu chimodzi dokotala uja ananena zoona kuposa mmene ankadziwira, pamene anati munthu si mtengo. Mtengo ukautema suchira, umangokwirira bala n'kukhala nalo m'kati mpaka kufa, koma umaphukira nthambi ina. Ine mnofu wanga ulumikizana n'kupola, koma phazi lina silidzamera. Sindikudziwa amene anapatsidwa zabwino pakati pa ife awiri.

Folo koloko ndinayang'ana kukhomo mpaka belu. Kunabwera Nicodemus yekha. Akuti kapitawo wanena kuti ku nazale kukufunika munthu wodziwa kufesa ndi kumezanitsa, ntchito ya pa benchi. Akutinso nsapato yanga yamanzere ndimugulitse, ali ndi m'bale wake wa mwendo umodzi ku Mpika. Ndinamutukwana, ndipo ndinamva bwino.

Lachitatu, 27 Okotobala

Bondo lapinda pang'ono, kanayi. Thukuta ngati ndagwetsa bulugamu.

Sanabwere. Ndikumusowa.

Lachisanu, 29 Okotobala

Achotsa kapaipi. Kutentha kwabwerera pamalo pake. M'mawa bondo lapinda kasanu ndi kawiri.

Folo koloko ndinali nditatembenukira kuzenera kuti ndisayang'anenso khomo. AMhone anatsokomola, n'kuti, "ASakala, konzani nkhope, kwabwera oyang'anira." Kenako anadziphimba kumaso ndi nyuzipepala.

Philomena anaima kumiyendo kwa bedi, mbale m'manja. Waonda. Maso ake anapita pamene bulangeti limagwera pansi mosayenera, n'kuchokapo msanga.

"Mwadya?"

"Ndadya."

Anakhala pa mpando. Ndinati ndipepese, koma ananditsekereza.

"Novena ndinamaliza," anatero.

"Ana anandiuza. Pepani kuti inapita pachabe."

"Ndani wakuuzani kuti pachabe? Lachitatu lija nditachoka pano sindinapite kunyumba. Ndinapita kwa amayi a bungwe, n'kuwauza kuti munthu uja wasaina, tisinthe chopempha. Ena anati novena sasintha pakati. Ndinati yanga ndisintha."

"Munapempha chiyani?"

"Bondo. Nanga n'kupemphanso chiyani, phazi mutapereka kale?"

Ndinamufunsa chifukwa chake sanabwere masiku onsewa ngati zinali choncho. Anati kupempherera munthu ndi kwina, kumukhululukira ndi kwina, ndipo chachiwiricho chimatenga nthawi yaitali. Anatinso ankaopa kuona.

Anaika mbale pansi. Anaimirira, n'kugwira m'mphepete mwa bulangeti, n'kuima kaye. Kenako analivundukula yekha. Anayang'ana bandeji ija osaphethira, milomo ikuyenda. Analowetsa dzanja lake pansi pa bondo langa, dzanja lokhakhala la munthu wochapa ndi kulima.

"Akuti limapinda?"

"Pang'ono."

"Pindani ndione."

Ndinaluma mano, ndinakoka mpweya, ndipo linapinda, chitsa chija n'kutsika pa dzanja lake mpaka kukhudza mkono. Misozi yake inagwera pa bandeji ya Sisitala. Sanaipukute, ndipo dzanja sanachotse.

"Pindaninso," anatero.